Kodi Mumadziwa? Pali Chomera Chodya Ntchentche

Dzina lake ndi Drosera. Masamba ake ali ndi tiubweya tofiira, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kumakhala kadontho konyezimira ngati mame a m'mamawa. Komatu ndi ulimbo. Kantchentche kakangotera, miyendo imakakamira, ndipo kakamaphiriphitha, tiubweya tapafupi timapindikira pomwepo n'kukapanikiza. Drosera capensis wa ku Cape, m'dziko la South Africa, amachita kupinda tsamba lonse, kukakulunga. Kenako tsambalo limatulutsa madzi ogaya chakudya n'kuyamwa zonse, kutsala kachikhungwa kouma basi.

Chomerachi chimamera m'malo a lowe, m'nthaka yopanda chonde, choncho nayitrojeni amene mizu yalephera kupeza chimamupeza m'tizilombo. Mitundu yake iposa 190, yochuluka ili ku Australia, koma Drosera madagascariensis amapezekanso m'madambo ena a ku Malawi ndi ku Zambia. Charles Darwin anachifufuza kwambiri, ndipo analemba za icho m'buku lake la mu 1875.

Wofuna kuchidzala mumphika aiwale zimene anazolowera kudimba. Feteleza ndi manyowa zimawotcha mizu yake. Madzi a pamjigo ndi a pampopi nthawi zambiri amakhala ndi mchere wochuluka, n'chifukwa chake ndi bwino kutchera a mvula, mphikawo n'kuukhazika m'mbale ya madzi kuti dothi lisaume. Chimafunanso dzuwa lambiri. Mukaona masamba akutumbuluka, timadontho tija n'kusowa, kawirikawiri ndiye kuti kuwala kwachepa. Chonde, musakachizule kudambo, fesani njere zake.