Kulasa Pachandamale Popanda Kamphete Kosuzumira

Nkhani yathu lero ndi ya uta ndi muvi, makamaka za diso la woponya.

Munthu wolunjikitsa mfuti amayang'ana zizindikiro ziŵiri, china pafupi ndi diso, china kunsonga, kufikira zitagwirizana ndi chinthu chimene afuna kuwombera. Uta wamaseŵera chizindikiro chakutsogolo uli nacho: kansonga komangidwa pamwamba pa chogwirira. Nanga chakumbuyo n'kuchiika pati, poti kumbuyo kwa uta kuli nsinga yokha ndi nkhope ya munthu?

Amisiri adayankha poloŵetsa kamphete pakati pa ulusi wa nsingayo, kamene pa Chingerezi amati peep sight. Munthu akakoka nsinga, kampheteko kamafika padiso, iye n'kusuzumiramo. Kamapezeka kwambiri pa mauta a timagudumu, aja adayambitsa Holless Wilbur Allen wa ku Missouri, amene boma la America lidamupatsa chikalata cha umwini wa lusoli mu 1969.

Koma kamphete kali ndi zovuta zake. Nsinga ikatamuka imapotoka, ndipo kabowo kamatembenukira kumbali panthaŵi yomwe munthu akukafuna. Ena amakamangira kachingwe kamphira kuti kaziwongoka, koma mphira ukakalamba umaduka n'kukwapula kumaso. Chovuta chachikulu chimagwera alenje. Nyama zimayenda m'mbandakucha ndi chisisira, ndipo kabowo kakang'ono kamachepetsanso kuwala komwe n'kochepa kale. Mlenje wosaona bwino angathe kungovulaza nyama, n'kukafera kutali mozunzika.

Tsono taonani: ntchito yeniyeni ya kamphete ndiyo kuika diso pamalo amodzimodzi nthaŵi zonse. Kuchokera padiso kufika pa kansonga pali pafupifupi mita imodzi. Chandamale chikakhala pa mamita 70, monga ku Olimpiki, diso litasuntha ndi milimita imodzi yokha muvi ungapatuke ndi masentimita pafupifupi 7, pamene kabwalo kapakati, kopatsa mapointi 10, n'kotambalala masentimita 12.2 basi. Chilichonse chimene chingakhazike diso chingathe kuloŵa m'malo mwa kamphete.

Njira yoyamba ndiyo kukhudza. Pansinga amamangapo kabatani kamene kamagunda pamlomo, kapena kena kogunda pansonga ya mphuno. Khungu la pamenepa limamva msanga. Munthu amadziŵa kuti mutu wakhala bwino ngakhale kuli mdima.

Njira ina ndiyo kuchotsa chizindikiro chakumbuyo pansinga n'kuchimanga pa uta weniweniwo, pakachitsulo koloza kwa woponya, monga chimakhalira pamfuti. Palinso tipangizo tagalasi, monga Anchor Sight, tokhala ndi kadontho ndi kabwalo. Mutu ukapendekeka kapena dzanja likapotoza uta, kadontho kamachoka pakati. Ine ndimatiyamikira chifukwa timaulula cholakwa cha dzanja chimene kamphete kamabisa, ngakhale kuti timagaŵa maso paŵiri, ndipo munthu sazoloŵera tsiku limodzi.

Wina angafunse kuti, kodi popanda kamphete munthu n'kulasadi bwino? Yankho lili pa uta wopanda timagudumu umene wakhala ukuponyedwa ku Olimpiki kuyambira pamene maseŵeraŵa adabwererako ku Munich mu 1972. Malamulo a bungwe la World Archery amaletsa kamphete pa uta umenewu, koma amalola kabatani kamodzi ka pamlomo kapena pamphuno. Woponya amaika dzanja kunsi kwa chibwano, nsinga n'kukhudza mphuno ndi chibwano, kenaka amayang'ana kuti chithunzithunzi cha nsinga chagwa pomwe chimagwa masiku onse pambali pa kansonga. Umu ndi mmene gulu la akazi a ku South Korea lidapambanira golide maulendo 10 otsatizana, kuyambira ku Seoul mu 1988 mpaka ku Paris mu 2024. Ndiwonso uta umene Areneo David adanyamula poimira Malaŵi ku Rio de Janeiro mu 2016 ndi ku Tokyo mu 2021.