Mmene Okonda Mpira wa Miyendo Amafikira Pokonda Rugby

Mu caka ca 2027 dziko la Australia lidzacititsa mpikisano wa cikho ca dziko lonse ca masewera a rugby, ndipo pakati pa maiko 24 amene adzalimbirane cikhoci pali South Africa ndi Zimbabwe. Dziko la Zimbabwe linapeza malo mu July 2025 pamene linagonjetsa Namibia ndi mapointi 30 kwa 28 mu mzinda wa Kampala, ndipo aka kadzakhala koyamba kubwererako kucokera mu 1991. Kwa anthu a muno mu Zambia, amene ambiri anakulira pa mpira wa miyendo, nkhaniyi ibweretsa funso lakuti: kodi munthu amafika bwanji pokonda masewera a ku dziko lina amene sanakule nawo?

Rugby inayambira ku England, ndipo inatenga dzina la tauni ya Rugby kumene kuli sukulu yochuka. Nthano imati mu 1823 mwana wa pa sukuluyo, William Webb Ellis, ananyamula mpira m'manja nathamanga nawo. Akatswiri a mbiri yakale amakaikira nthanoyi, komabe cikho ca dziko lonse cimachedwa ndi dzina lake. Masewerawa anafika muno pa nthawi ya atsamunda ndipo anazika mizu maka-maka m'matauni a migodi ku Copperbelt. Kwa zaka zambiri anthu anali kuwaona ngati masewera a azungu. Ku South Africa, mu ulamuliro wa tsankho, anthu akuda ambiri anali kucemerera timu iliyonse yolimbana ndi timu ya dziko lao ya Springboks, ngakhale kuti ku Eastern Cape akudawo anali kusewera rugby kwa zaka zambiri.

Cinthu coyamba cimene cimasintha mtima wa woonerera ndi kupeza munthu wake m'bwalo. Pa 24 June 1995, South Africa inagonjetsa New Zealand ndi mapointi 15 kwa 12 pa bwalo la Ellis Park ku Johannesburg, ndipo a Nelson Mandela anapereka cikho kwa kaputeni Francois Pienaar atavala malaya a Springboks. Mu 2018 Siya Kolisi, amene anakulira m'komboni ya Zwide ku Gqeberha, anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timuyo pa masewera a pakati pa maiko. Caka cotsatira iye ananyamula cikho ku Yokohama, m'dziko la Japan, atagonjetsa England ndi mapointi 32 kwa 12. M'timu imeneyo munali Tendai Mtawarira, wobadwira ku Harare.

Mzinda wa Lusaka nawo uli ndi gawo lake m'mbiri imeneyi. George Gregan, amene anasewerera Australia masewera 139 ndi kupambana cikho ca dziko lonse mu 1999, anabadwira mu Lusaka mu 1973. Corné Krige anabadwiranso mu Lusaka mu 1975. Pa mpikisano wa dziko lonse wa 2003, Gregan anali kaputeni wa Australia pamene Krige anali kaputeni wa South Africa.

Koma kudziwa maina a osewera sikukwanira. Munthu wozolowera mpira wa miyendo akaona rugby koyamba amangoona cipwirikiti ca amuna akugwetsana, ndipo sadziwa cifukwa cake woweruza waimba mluzu. Malamulo ocepa cabe ndi amene amatsegula maso. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 15, ndipo masewera amatenga mphindi 80, zogawidwa pawiri. Mpira, umene ndi wooneka ngati dzira, suloledwa kuponyedwa kutsogolo ndi manja. Wosewera angapatsire mnzake amene ali kumbuyo kapena pambali pake. Kuti mpira upite kutsogolo, ayenera kuthamanga nawo kapena kuumenya ndi phazi. Amene aloledwa kugwetsedwa ndi yekhayo wonyamula mpira, ndipo kumugwira m'khosi kapena kumutu ndi mlandu. Akagwa pansi ayenera kuusiya mpirawo.

Ngati wina waponya mpira kutsogolo kapena wamupulumuka m'manja ndi kugwera kutsogolo, osewera 8 a timu iliyonse amakolana mapewa ndi kukankhana, mpira ndi kuponyedwa pakati pao. Imeneyi ndiyo scrum. Mpira ukatuluka m'bwalo, osewera amaima m'mizere iwiri, mpira umaponyedwa pakati, ndipo ena amanyamula mnzao m'mwamba kuti auwakhe. Wopatsidwa khadi lacikasu amatuluka kwa mphindi 10, zosiyana ndi mpira wa miyendo kumene amapitiriza kusewera.

Kawerengedwe ka mapointi ndi kamene kamacititsa mtima kugunda. Kugunditsa mpira pansi pa mzere wa adani kapena kupyola mzerewo, kumene kumachedwa try, kumapatsa mapointi 5. Timu yagoletsayo imapatsidwa mpata womenya mpira pakati pa mitengo iwiri, pamwamba pa mtanda, ndipo ikalasa imaonjeza mapointi 2. Penati yomenyedwa motero imapatsa mapointi 3. Ici ndico cifukwa cake timu ingapambane popanda try ngakhale imodzi. Zimenezi zinacitika pa masewera otsiriza a 2023 ku France, pamene South Africa inagonjetsa New Zealand ndi mapointi 12 kwa 11, onse ocokera ku mapenati 4 a Handré Pollard. Isanafike apo inali itagonjetsa France 29 kwa 28 ndi England 16 kwa 15. Munthu wodziwa kuti kulakwa kumodzi kungadye mapointi 3 sangacoke pampando pa masewera otere.

Kwa woyamba kumene, njira yosavuta ndi rugby ya osewera 7, imene gawo lililonse limatenga mphindi 7 cabe. Bwalo limakhala lotseguka, mpira umaoneka bwino, ndipo try imabwera pafupi-pafupi. Mtundu umenewu unalowa m'masewera a Olympics mu 2016 ku Rio de Janeiro, kumene amuna a ku Fiji anatenga mendulo ya golide.

Cotsiriza ndi kumene cikondico cikathera. Kucemerera Springboks kapena All Blacks a ku New Zealand pa wailesi ya kanema kumalira ndalama za mwezi ndi mwezi, ndipo osewera amene akucemereredwa samva mau a munthu amene ali ku Matero kapena ku Cipata. Koma Zambia ili ndi matimu ake monga Red Arrows, Green Buffaloes, Diggers a ku Kitwe ndi Mufulira Leopards. Pa bwalo la kwao, wokonda watsopano amamva kugundana kwa mapewa, amafunsa woyandikana naye cimene woweruza waimbira, ndipo mwana amene wapita naye amaona kuti osewerawo ndi anthu a m'komboni yake. Ngati onse amene akopeka ndi rugby ya kunja angathere pa kanema, matimu a muno sadzapindula kanthu. Zimbabwe inadikira zaka 34 kuti ipezenso malo pa mpikisano wa dziko lonse, pamene Zambia sinafikeko ndi kamodzi komwe.