Iyende ndi failo, mphunzitsi atsale m'kalasi

Mphunzitsi wa m'boma la Karonga akati akupita kulikulu la unduna wa zamaphunziro, anzake amadziwiratu kuti samuonanso sabata imeneyo. Kuchoka paboma la Karonga kukafika ku Capital Hill mumzinda wa Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Munthu amayenera kukwera zitunda za Chiweta, kudutsa Mzuzu, Jenda ndi Kasungu, ndipo ngati sukulu yake ili cha ku Kaporo kapena ku Iponga kufupi ndi malire a Songwe, ulendowo umayamba ndi kabaza asanaione n'komwe basi.

Tsiku limodzi limathera panjira, lina pabenchi ya ofesi kudikira bwana amene ali kumsonkhano, lachitatu pobwerera. Ndalama ya thiransipoti, chakudya ndi malo ogona imachoka m'thumba mwa mphunzitsiyo. Masiku onsewa ana a m'kalasi mwake amakhala akusesa pabwalo kapena aphatikizidwa ndi kalasi ina yomwe ndi yodzaza kale. Chomwe wayendera nthawi zambiri chimakhala pepala limodzi lofuna siginecha ndi chidindo.

N'chifukwa chake nkhani yogwira ntchito uli kutali ndi ofesi, yomwe m'maiko ena amaikamba ngati mwayi woti wantchito azikhala kunyumba ndi kompyuta yake, kuno ili ndi tanthauzo lina. Kwa anthu a ku Karonga funso ndi lakuti: kodi m'chaka chino n'koyenerabe kuti munthu azinyamula pepala m'manja kudutsa theka la dziko pomwe pepalalo likhoza kuyenda lokha?

Zomwe Covid-19 idatiphunzitsa

Pa 23 March 2020 sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa kaamba ka mliri wa Covid-19, ndipo zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono pa 7 September chaka chomwecho, kuyambira ndi makalasi olemba mayeso. Kumayambiriro kwa 2021 zidatsekedwanso kwa masabata angapo matendawa atabweranso mwamphamvu. M'nyengo imeneyo boma lidalamula kuti ogwira ntchito m'maofesi ake azisinthana masiku obwera kuntchito, ena azigwirira kunyumba, ndipo misonkhano ya anthu ambiri idaletsedwa.

Ntchito ya unduna siidaime. Makalata omwe kale ankadikira galimoto yopita ku Mzuzu adayamba kufika pa WhatsApp tsiku lomwelo. Mabwana adaphunzira kuchita misonkhano pa Zoom. Ana a pulaimale ankamvera maphunziro pawailesi kudzera m'pologalamu ya Tikwere. Aphunzitsi aakulu ankatumiza chiwerengero cha ana omwe abwerera kusukulu, ndi cha atsikana omwe atenga pakati kapena kukwatiwa, pongojambula pepala ndi foni.

Palibe adakonzekera zimenezi. Zidachitika chifukwa panalibe njira ina. Koma zidaonetsa poyera kuti maulendo ambiri omwe tinkawayesa okakamiza adali ongozolowera chabe.

Unyolo wa maofesi

Kuti timvetse pomwe pepala limakakamira, tiyenera kuona momwe maofesi a zamaphunziro adalumikizirana. Mphunzitsi wa pulaimale amayamba ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulu pake. Kuchoka apo nkhani imapita kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, yemwe aliyense amamutchula kuti PEA, ndipo amakhala pa TDC. Ikachoka pa TDC imapita kuofesi ya zamaphunziro ya pakhonsolo, yomwe anthu adazolowera kuitchula kuti kwa DEM. Sukulu za sekondale monga Chaminade, Maghemo ndi Chilumba zimayang'ana kuofesi ya chigawo cha maphunziro cha kumpoto ku Mzuzu, chomwe ndi chimodzi mwa zigawo 6 za maphunziro m'dziko muno. Pamwamba pa zonsezi pali likulu ku Lilongwe.

Mu 1998 dziko lino lidavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, ndipo maphunziro a pulaimale adali m'gulu la ntchito zoyenera kupita kumakhonsolo. Zinthu zidayenda mwaulesi, moti padatenga zaka pafupifupi 20 kuti mu 2017 ntchito yokonza malipiro a aphunzitsi a pulaimale itsikire kumakhonsolo. Kusinthaku kudathandiza ndithu: yemwe dzina lake lasowa pamndandanda wa malipiro tsopano ali ndi khomo loti agogode paboma pomwepo.

Komabe zinthu zomwe zimamusowetsa tulo mphunzitsi zidatsalira kumtunda. Makomishoni olemba ndi kukweza anthu pantchito ali ku Lilongwe. Failo ya munthu wopuma pantchito imadutsa m'maofesi angapo a kulikulu ndalama zake zisanatuluke. Ndalama zotsalira za malipiro nazo zimadikira chilolezo chochokera komweko. Dzina la unduna lasinthapo kangapo, maina a maudindo nawo asintha, koma njira ya failo idakali yomwe ija.

Mtolo wagwera mphunzitsi wamkulu

Mliri utatha, zina mwa njira zatsopano zidakhazikika. Lero pafupifupi zoni iliyonse ili ndi gulu la WhatsApp la aphunzitsi aakulu. Bungwe la Maneb lidayamba kulembetsa ana olemba mayeso kudzera pa intaneti, ndipo makolo adayamba kulipira ndalama za mayeso pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki. Kuyambira mu 2023 pologalamu ya Befit yakhala ikupereka matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa m'sukulu zina za pulaimale kuti ana aang'ono aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu.

Izi ndi zabwino, koma walira mvula walira matope. Uthenga wochokera kuofesi ukhoza kufika 9 koloko usiku kuti malipoti akufunika mawa m'mawa. Foni yomwe ikulandira uthengawo ndi ya mphunzitsi wamkulu mwini wake, bandulo wagula ndi ndalama ya ndiwo, ndipo batire akatchajitsa pagolosale. Ndalama yomwe boma lapulumutsa pa mafuta a galimoto ndi mapepala siidasowe. Yangosamukira m'thumba mwa munthu wa malipiro ochepa.

Za magetsi nazo n'zodziwika. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Karonga lidali ndi anthu oposa 365 000, ndipo m'dziko lonse mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi a Escom. Karonga ili ndi malo opangira magetsi pamtsinje wa Wovwe, koma mphamvu yake ndi yongopitirira pang'ono ma megawati 4, ndipo sukulu zambiri za kumidzi zilibe ngakhale waya. Namondwe wa Ana ataononga makina a ku Kapichira mu January 2022, dziko lidataya ma megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo maofesi a m'maboma ankatha maola ambiri kompyuta zili zozima. M'madera a kumapiri, netiweki imapezeka pachulu kapena pansi pa mtengo umodzi wodziwika mudzi wonse.

Choncho tikamanena kuti ntchito iziyenda pafoni, tisaiwale kuti pali wina amene akukwera phiri kuti foniyo igwire.

Tumizani pafoni, mubweretsenso pepala

Chopweteka kwambiri n'chakuti kusinthaku kudaima pakati panjira. M'maofesi ambiri munthu amauzidwa kuti atumize fomu pa WhatsApp kapena pa imelo, kenaka abweretsenso pepala lenileni lokhala ndi chidindo. Ntchito yomwe idali imodzi tsopano zakhala ziwiri.

Lamulo silikuletsa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act lomwe limavomereza zikalata ndi siginecha za pakompyuta. Mabanki akugwira ntchito motero, ndipo mlimi wa mpunga wa Kilombero ku Hara kapena ku Lufilya amalandira ndalama za malonda ake pafoni osaonana ndi wogula. Nanga ofesi ya boma ikuopa chiyani?

Mantha ena ndi omveka. Dziko lino lavutikapo ndi maina a anthu omwe kulibe pamndandanda wa malipiro, ndipo mabwana ena amaona kuti kuona nkhope ya munthu ndiyo njira yokhayo yotsimikizira kuti alipo. Koma maina achinyengowo adalowa m'nthawi ya mapepala ndi zidindo zomwezi. Pepala likhoza kusowa m'kabati popanda wodziwa yemwe walichotsa, pomwe makina abwino amasunga dzina la aliyense amene watsegula failo ndi ola lomwe watero. Chitupa cha unzika chomwe bungwe la NRB lidayamba kupereka mu 2017 chikhoza kutsimikizira munthu ali pa TDC ya kwawo.

Anthu a ku Karonga akudziwanso kuti pepala silikhalitsa. Zivomezi za mu December 2009 zidagwetsa nyumba ndi makalasi, ndipo chaka ndi chaka mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imasefukira. Failo ya zaka 30 za ntchito ya munthu ikanyowa, mwini wakeyo ndiye amauzidwa kuti akasakesake makalata omwe adalembedwera ntchito ali mnyamata.

Chifukwa china n'chomwe anthu amangonong'onezana. Ulendo uli ndi alawansi, msonkhano wa pa Zoom ulibe. Malinga ngati kukhala pansi kuhotela ya kunyanja kukupindulitsa kuposa kukhala paofesi n'kumaliza mafailo, padzakhala anthu osafuna kuti zinthu zisinthe.

Zina sizingatheke pafoni

Tisatengeke mpaka kuganiza kuti chilichonse chingachitike munthu ali kutali. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. PEA amene amangolandira zithunzi za mabuku a ndondomeko ya maphunziro pafoni sangadziwe ngati mwana wa Sitandade 2 akutha kuwerenga. Chithunzi sichionetsa kuti mphunzitsi amafika 10 koloko, kuti chimbudzi cha atsikana chidagwa, kapena kuti ana olankhula Kyangonde ndi Chitumbuka kunyumba akuvutika kutsatira phunziro la m'Chichewa. Zimenezi zimafuna munthu akhale kumbuyo kwa kalasi, amvetsere, acheze ndi komiti ya sukulu ndi mafumu.

Phindu lenileni lochotsa maulendo a mapepala ndi lomweli: mafuta a njinga yamoto omwe PEA amathera kukasiya malipoti paboma akhoza kumufikitsa kusukulu za kutali zomwe zimatha teremu yonse osaona mlendo wa kuofesi.

Poyambira pake

Sipakufunika kumanga nyumba zatsopano. Ma TDC alipo kale m'zoni iliyonse. Iliyonse itakhala ndi sola, kompyuta, makina ojambulira zikalata ndi intaneti yolipiridwa ndi boma, mphunzitsi wa ku Nyungwe kapena ku Lupembe akhoza kupereka zikalata zake masana ataweruka n'kukagona kwawo. Dziko lidayala kale mawaya a intaneti kufika m'maboma, ndipo mu 2017 Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza ndalama zoposa $72 miliyoni za ntchito ya Digital Malawi yomwe china mwa zolinga zake chidali kulumikiza maofesi a boma. Chotsala n'kufikitsa zimenezi pazoni.

Failo iliyonse ikalandiridwa izipatsidwa nambala, ndipo mwini wake azilandira uthenga wa pafoni womuuza ofesi yomwe yafika ndi masiku omwe yakhalapo. Anthu ambiri amapita ku Lilongwe kungofuna kudziwa ngati failo yawo ilipo. Uthenga umodzi ukhoza kupulumutsa ulendo wonsewo.

Ndalama ya bandulo ndi yotchajira foni ikhale ndi gawo lake m'thumba lotukulira sukulu lomwe boma limapereka chaka chilichonse, ndipo maofesi azilemekeza nthawi yoweruka. Zinsinsi za aphunzitsi ndi ana, monga matenda, milandu ndi malipiro, zisamayende m'magulu a WhatsApp momwe aliyense akhoza kuzitumiza kwina.

Chachikulu koposa ndi mphamvu yosainira. Kompyuta payokha siithandiza ngati ofesi ya pakhonsolo ikungokhala positi ofesi yotumiza zinthu kumtunda n'kumadikira. Ngati akulikulu adatha kugwira ntchito ali kunyumba zawo ku Area 18 ndi Area 47 m'nthawi ya mliri, palibe choletsa kuti ena mwa iwo akhale ku Karonga, ku Chitipa kapena ku Nsanje, ali ndi mphamvu yomaliza nkhani pomwepo.

Pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere mu 1994, ana adakhamukira m'sukulu ndipo kufikira lero aphunzitsi sadakwanebe. Dziko lomwe likusowa aphunzitsi chotere silingakwanitse kumawataya m'mabasi ndi pamabenchi a maofesi. Makhansala a ku Karonga, aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'bomali ndi atsogoleri a bungwe la aphunzitsi la TUM ayenera kufunsa khonsolo ndi unduna funso losavuta: ndi zikalata ziti zomwe zikufunabe kuti mphunzitsi ayende yekha, ndipo chifukwa chake n'chiyani? Mndandanda umenewo ukalembedwa n'kupachikidwa pa TDC iliyonse, tidzaona kuti ndi waufupi kuposa momwe takhala tikuuzidwira.