Nkhope za pa Khondowe: zithunzi zilipo, maina adasoŵa

Munthu woyenda mumsewu wa Malangalanga ku Old Town mu mzinda wa Lilongwe sasoŵa kojambulitsa chithunzi. Mwana wa sukulu wofuna kachithunzi ka pa chiphaso cha mayeso amangoloŵa, nakhala pampando, ndipo pasanathe mphindi khumi chithunzi chili m'manja. Chifukwa cha kuphweka kotereku, ambiri saganiza kuti padali nthaŵi imene mwana ankajambulidwa mwina kamodzi kokha pa zaka zake zonse za pasukulu, ndipo kaŵirikaŵiri chithunzicho mwini wake osachiona, poti chinkakwera sitima ulendo wa ku Scotland.

Umu ndi mmene zidaliri pa Khondowe, paphiri loyang'ana nyanja m'boma la Rumphi. Mishoni ya Livingstonia idayamba ku Cape Maclear mu 1875, idasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo malungo atapitiriza kutha anthu, Dr Robert Laws adakwera phiri mu 1894 nakhazikitsa sukulu imene idatchedwa Overtoun Institution, potsata dzina la Lord Overtoun amene adapereka ndalama zambiri. Malowo ali mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja, ndipo wochokera ku Chitimba amakwera msewu wa Gorodi wa makona akuthwa pafupifupi 20. Pamwamba pamenepo anyamata ankaphunzira uphunzitsi, ubusa, ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku, kusunga mabuku a chuma, ngakhalenso kutumiza mauthenga pa waya wa telegalafu. Magetsi opukusidwa ndi madzi adayaka kumeneko mu 1905, pamene Lilongwe anali kaboma kakang'ono ka nyumba zoŵerengeka.

Amishoni adajambula zambiri za moyo umenewu. Zithunzi zawo zina zili mu Stone House, nyumba ya miyala imene Dr Laws ankakhalamo, yomwe idasanduka yosungiramo zinthu zakale. Zina zambiri zili ku Edinburgh, ndipo gawo lake lidaikidwa pa intaneti m'nkhokwe yotchedwa International Mission Photography Archive, mwakuti mphunzitsi wa ku Bwaila kapena ku Chipasula angathe kuziona ali pomwepo. Woziyang'ana amaona anyamata atandanda kutsogolo kwa nyumba za njerwa, ena ali pantchito ya matabwa, ena m'kalasi. Nkhope zambiri n'zouma, zopanda kumwetulira, ndipo pamenepa ana a masiku ano amafulumira kugamula kuti anthuwo adali pamavuto. Mwina adalidi. Koma kujambulidwa masiku amenewo kudali mwambo wolemekezeka, ndipo wojambulidwa ankauzidwa kuti asagwedezeke, kuopa kuti nkhope yake ingatuluke ngati utsi.

Funso loyenera kufunsa pa chithunzi chilichonse chakale ndi lakuti: adajambula ndani, ndipo ankafuna kuonetsa yani? Zambiri mwa zithunzizi zidaikidwa pa timagalasi toonetsa pakhoma ndi nyali, ndipo zinkazungulira m'matchalitchi a ku Scotland kuti akhristu akumeneko aone kumene chopereka chawo chikupita. Motero wojambula ankasankha zokondweretsa wopereka: mizere yowongoka, zovala zoyera, nyumba zatsopano. Mwana wolira chifukwa cha chisanu cha mu Juni, wothaŵa usiku kubwerera kwawo kunyanja, kapena mphunzitsi wachikuda wong'ung'udza za malipiro, aŵa chojambulira sichinkaŵafuna.

Choŵaŵa kwambiri chili m'mawu olembedwa pansi pa zithunzi. Mzungu akakhalapo, kaŵirikaŵiri dzina lake limalembedwa; ophunzira omuzungulira amangotchedwa gulu la ana a sukulu, basi. Chonsecho m'magulu otere ndimo mudatuluka anthu amene adagwedeza maiko. Clements Kadalie wa ku Chifira adaphunzira pomwepo, napita kukayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba, amene adakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, adapita m'makalasi omwewo. Yesaya Zerenji Mwasi adali mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda amene mishoniyo idadzoza mu 1914. David Kaunda adachoka ku Livingstonia kukayamba ntchito ya mpingo ku Chinsali, kumene kudabadwira mwana wake Kenneth. Aŵa ndi odziŵika, ndipo nkhope zawo ena angazizindikire. Nanga mnyamata wachitatu kuchokera kumanzere, wogwira pulena uja, adali mwana wa yani? Adakamanga nyumba ziti? Pepala lili chete.

Chithunzi chimodzi cha pa Khondowe chidajambulidwa mosiyana ndi zinzake zonse, pakuti chidajambulidwa kuchokera mumlengalenga. Mu Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pangozi, ndege idaponya uthenga pamishoni wofunsa ngati azungu akufuna kuchotsedwa, ndipo adauzidwa kuti ayankhe poika chizindikiro pabwalo. Azungu ndi anthu akuda atakambirana, adayala pakapinga zilembo zikuluzikulu zoloza ku Aefeso 2:14, ndime yonena za mtendere pakati pa anthu amene adali olekanitsidwa. Ndege itabweranso idajambula zilembozo, chithunzicho chidafalikira, ndipo mpaka lero alendo amaonetsedwa malowo pafupi ndi Stone House. M'chithunzicho chachikulu ndi zilembo, osati nkhope, komabe ndi chimodzi mwa zoŵerengeka zimene anthu a pamalopo adasankha okha chimene dziko lione.

Nkhani ya kanema ndi yovutirapo. Kuyambira mu 1948 mpaka kutha kwa chitaganya mu 1963, bungwe la Central African Film Unit la ku Salisbury linkapanga makanema oonetsa kwa anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko aŵiri a Rhodesia, ndipo magalimoto ankayenda nawo m'midzi. Cholinga chidali kulangiza ndi kukometsa boma, koma mosafuna makanema otere adasunga zimene buku silingasunge: kayendedwe ka anthu, kavalidwe, kagwiridwe ka khasu ndi choko. Tsoka lake filimu ndi chinthu chosachedwa kufa. Ikakhala potentha ndi pachinyezi imayamba kununkha ngati viniga, nikhwinyata, ndipo ikafika pamenepo palibenso mankhwala. Kuipulumutsa kwake ndi kuikopera m'kompyuta isanafike pa msinkhu umenewo, ntchito yofuna makina, ndalama ndi anthu ophunzitsidwa. Nkhokwe ya mbiri ya dziko ku Zomba, imene idatsegulidwa mu 1947, imadziŵa bwino tanthauzo la kutaya, pakuti makalata ambiri akale a boma adapsa ndi moto wa mu 1919.

Komatu pali ntchito ina yosalira makina. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, adzukulu ambiri a ophunzira a pa Khondowe, a ku Nkhoma, a ku Kongwe ndi a ku Dedza adadzakhala ku Area 18, ku Area 47, ku Biwi ndi ku Kawale. M'masutikesi awo muli zithunzi za agogo, zina zodyedwa ndi chiswe m'mphepete, ndipo m'nyumba zina mukadali nkhalamba imene ingathe kuloza ndi chala n'kunena kuti uyu ndi uje, kwawo kwakuti, adafera ku Joni. Nkhalamba zotere zikuchepa chaka ndi chaka, kufulumira kuposa mmene filimu imaolera.

Mphunzitsi wa mbiri angathe kutuma ana a Fomu 3 kuti aliyense akafunse kwawo chithunzi chakale koposa zonse. Wotsiriza sukulu amene akudikira zotsatira za mayeso angathe kukhala pakhonde ndi agogo ake madzulo amodzi, kope lili pamwendo. Zolemba zake n'zochepa: maina kuyambira kumanzere, malo, chaka, ndi dzina la amene wafotokoza. Ndipo kumbuyo kwa chithunzi alembe ndi pensulo yofeŵa, chifukwa inki ya bolopeni imaloŵerera pang'onopang'ono mpaka kutulukira pankhope.