Botolo lodula kapena madzi amchere: zimene madokotala a mtima apeza

Amene anadikirirapo matenda m'chipatala amadziwa m'mene maso amathamangira ku diripi yopachikidwa pambali pa bedi. Dontho lililonse limapereka chiyembekezo. Ambirife timaganizanso kuti mankhwala okwera mtengo ndiwo amphamvu, ndipo kuti dokotala akapatsa m'bale wathu madzi amchere okha ndiye kuti wamumana zabwino. Nkhani ya albumin, mankhwala amene akhala akuperekedwa kwa akuluakulu ochitidwa opaleshoni ya mtima, ikutiphunzitsa zosiyana ndi maganizo amenewa.

Mumzinda wa Gaborone, likulu la dziko la Botswana, muli chipatala chachikulu cha boma cha Princess Marina. Kwa nthawi yaitali odwala mtima ofunika opaleshoni ankatumizidwa ku South Africa, ndipo boma linkaononga ndalama zambiri. Kenaka dzikolo linagwirizana ndi dziko la Mauritius kuti akatswiri akumeneko azibwera kudzachitira maopaleshoniwa pachipatalachi, mothandizana ndi madokotala ndi anamwino a ku Botswana komweko. Koma opaleshoni ya mtima ndi ntchito yodula, ndipo botolo lililonse lolowa m'chipinda cha opaleshoni limayenera kukhala ndi chifukwa chomveka.

Kodi albumin n'chiyani?

Albumin ndi puloteni imene chiwindi chimapanga. Imapezeka m'madzi achikasu a m'magazi otchedwa plasma, ndipo mwa munthu wathanzi imakhala magalamu 35 mpaka 50 pa lita imodzi. Ntchito yake yaikulu ndi kugwira madzi kuti asatuluke m'mitsempha. Ikachepa kwambiri, madzi amalowerera m'minofu ndipo thupi limatupa. Alangizi a zaumoyo amene anaonapo mwana wotupikana mapazi ndi nkhope chifukwa chosowa zakudya zomanga thupi akudziwa zimene tikunenazi, pakuti ana otere albumin yawo imakhala yotsika.

Albumin ya m'botolo imachokera m'magazi amene anthu amapereka. Katswiri wina wa ku America, Edwin Cohn, ndiye anapeza njira yoipatulira, ndipo inayamba kuthandiza asilikali ovulala m'chaka cha 1941, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuti tizilombo tife, amaitenthetsa pa madigiri 60 kwa maola 10. M'chigawo chathu chino imapangidwa ku Pinetown, pafupi ndi Durban, ndi bungwe la National Bioproducts Institute. Ntchito yonseyi ndi imene imachititsa kuti mtengo wake upose kutalitali mtengo wa madzi amchere a m'diripi.

Pa opaleshoni yaikulu madokotala amaimitsa mtima kwa kanthawi, ndipo makina apadera amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo. Makinawa asanalumikizidwe kwa wodwala, mapaipi ake amadzazidwa ndi madzi okwana lita imodzi kapena kuposerapo. Wodwala amatayanso magazi, choncho amafunika kuonjezeredwa madzi. Madokotala ambiri ankakhulupirira kuti albumin ndiyo yoyenera pamenepa popeza imakhalitsa m'mitsempha. Maganizowa ankamveka anzeru, koma safunsa anadya phula: panafunika kuyesa.

Zimene kafukufuku anapeza

M'chaka cha 2004 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa SAFE, amene anachitika ku Australia ndi New Zealand pa odwala mwakayakaya pafupifupi 7,000. Ena anapatsidwa albumin, ena madzi amchere. Patatha masiku 28, chiwerengero cha omwalira chinali chofanana m'magulu onse awiri.

Za opaleshoni ya mtima yeniyeni zinadziwika bwino mu 2022. Pachipatala cha yunivesite ya Helsinki ku Finland anagawa pawiri odwala 1,386. Theka linalandira albumin, theka linalo madzi amchere otchedwa Ringer. M'masiku 90 otsatira, odwala 37 mwa 100 alionse a gulu la albumin anakumana ndi vuto lalikulu, pamene m'gulu la Ringer anali 34 mwa 100 alionse. Kusiyanaku n'kochepa moti sitinganene kuti gulu lina linapambana, koma n'zoonekeratu kuti botolo lodulalo silinateteze odwala. Ngakhale kuti minofu ya mtima inkavulala mocheperapo mwa olandira albumin, ambiri mwa iwo anataya magazi, anabwezedwa ku opaleshoni kapena anagwidwa ndi tizilombo kuposa anzawo aja.

Potsatira umboni wotere, mu 2024 gulu la akatswiri a za magazi ochokera m'maiko osiyanasiyana linalangiza kuti albumin isamagwiritsidwe ntchito mwachizolowezi podzaza makina kapena poonjezera madzi mwa akuluakulu ochitidwa opaleshoni ya mtima. Izi sizikutanthauza kuti ndi yopanda ntchito. Imathandiza kwambiri odwala chiwindi amene akuchotsedwa madzi ambiri m'mimba. Chofunika n'chakuti isungidwire amene ingawapindulire.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Mu Ogasiti 2025, mtsogoleri wa dziko la Botswana, Duma Boko, analengeza kuti dzikolo lili pa ngozi ya zaumoyo chifukwa mankhwala ndi zipangizo zinasowa m'zipatala. Malonda a diamondi, amene dzikolo limadalira, anali atalowa pansi, ndipo maopaleshoni osafulumira anaimitsidwa. Ngati izi zinagwera dziko limene ambiri timaliona ngati lopeza bwino, nanga kuli bwanji Malawi, Zambia ndi Mozambique? Ndalama yogulira botolo limene silithandiza ndi yomweyo imene ikanagula mankhwala a anthu ambiri kumudzi.

Kunoko ambiri ofunika opaleshoni ya mtima si okalamba ayi, koma achinyamata amene mavavu a mtima wawo anaonongeka. Chiyambi chake nthawi zambiri ndi zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya, zimene sizinachizidwe ali ana. Mankhwala ake ndi penisilini, wotsika mtengo ndithu. Mwana akadwala zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi, mutengereni kuchipatala. Akamamva kuwawa m'malo olumikizira mafupa, kubanika kapena kutopa msanga, musazengereze. Amene anauzidwa kuti azibayitsa jekeseni wa penisilini milungu itatu kapena inayi iliyonse asadumphitse, ngakhale ntchito ya kumunda itachuluka bwanji.

Chachiwiri, opaleshoni ya mtima siyenda popanda magazi, ndipo magazi sapangidwa kufakitale. Inu alangizi, polankhula kumipingo, kusukulu ndi kumakalabu a alimi, limbikitsani anthu athanzi kupereka magazi. Tsiku la 14 Juni chaka chilichonse ndi lokumbukira opereka magazi, ndipo ndi mpata wabwino woyambira.

Pomaliza, m'bale wanu akagonekedwa, musaope kufunsa dokotala mwaulemu kuti m'diripimo muli chiyani ndipo chikuthandiza bwanji. Akakuuzani kuti ndi madzi amchere, mtima ukhale m'malo. Nthawi zambiri pa opaleshoni ya mtima amenewo ndiwo oyenera.