N'chifukwa chiyani magitala a besi salira mofanana?

Ana inu, mukadzapita kumene bandi ikuimba, kaya kutchalitchi kaya kuukwati, mudzayang'ane munthu amene wakoleka gitala ya khosi lalitali, ya nsambo zinayi zonenepa. Ameneyo ndiye woimba besi. Mawu ake ndi aja amagunda m'chifuwa ngakhale muli patali. Nyimbo ikatha, mudzamupemphe mwaulemu kuti muione gitalayo pafupi. Pathupi pake, kunsi kwa nsambo, mudzaonapo kabokosi kakang'ono, mwina kamodzi, mwina tiwiri. Oimba amakatchula kuti pickup. Magitala awiri akhoza kukhala a thabwa limodzi ndi nsambo zofanana, koma n'kumalira mosiyana chifukwa cha malo amene kabokosi kameneka kaikidwa.

M'kati mwake muli maginito, ndipo pamaginitopo anakulungapo waya wakopa wowonda kwambiri, kuzunguliza maulendo masauzande angapo. Nsambo za besi n'zachitsulo. Nsambo ikamanjenjemera pamwamba pa maginito, mphamvu ya maginitoyo imagwedezeka, ndipo m'waya muja mumabadwa timagetsi tochepa. Michael Faraday wa ku England ndi amene anatulukira mu 1831 kuti maginito ndi waya zingabale magetsi motere. Timagetsito timayenda m'chingwe kupita ku chimkuzamawu, kenaka sipika n'kulira.

Tsono gwirani mfundo iyi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa: pickup simva nsambo yonse ayi. Imangomva kachigawo kakang'ono kamene kali pamwamba pake penipeni. Ndipo nsambo siyenda mofanana paliponse.

Taganizani za chingwe chodumpha chimene anzanu awiri akupukusa. Pakati chimakwera kuposa mutu wanu n'kutsika kudzamenya pansi, koma pafupi ndi dzanja la wopukusa chimangosuntha pang'ono. Nsambo nayonso imamangidwa mbali ziwiri: kumutu kwa khosi, ndi kumunsi pa kachitsulo kotchedwa bridge. Pa besi zambiri, mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi masentimita pafupifupi 86. Pakati nsambo imagwedezeka kwambiri, pafupi ndi bridge imagwedezeka pang'ono.

Koma pali china chimene maso sangaone, ndipo ine chimandisangalatsa koposa zonse. Nsambo yonenepa kwambiri ija, yotchedwa E, ikakodoledwa imapita uku ndi uku maulendo pafupifupi 41 pa sekondi imodzi. Amenewo ndiwo mawu aakulu, akuya. Pa nthawi yomweyo nsambo yomweyo imanjenjemeranso m'zigawo ziwiri, maulendo 82, m'zigawo zitatu, maulendo 123, ndi m'tizigawo tina tambiri tothamanga kuposa pamenepo. Tizigawo tating'onoti ndi timene timabweretsa timawu takuthwa, tosongoka. Pickup ikakhala chakukhosi, imamva kwambiri kugwedezeka kwakukulu kuja, choncho mawu amatuluka onenepa ndi ofewa. Ikakhala pafupi ndi bridge, kugwedezeka kwakukulu kumakhala kutatsala pang'ono kutha, pomwe tizigawo tating'ono tikadamveka bwino. Mawu amatuluka owonda, akuthwa, odutsa pakati pa ng'oma ndi magitala ena mosavuta.

Amisiri akhala akuyesa malo osiyanasiyana kwa zaka zoposa 70. Mu 1951, Leo Fender wa ku Fullerton m'dera la California anatulutsa besi yotchedwa Precision Bass, ya pickup imodzi. Anaiika chapakati pa thupi la gitala, osati kukhosi kwenikweni, osatinso ku bridge. Mu 1957 anaigawa pawiri, theka limodzi la nsambo ziwiri zonenepa, linalo la nsambo ziwiri zowonda. James Jamerson, amene anaimba besi m'nyimbo zambiri za kampani ya Motown ku Detroit, ankagwiritsa ntchito besi imeneyi, ndipo ankakodola ndi chala chimodzi chokha. Mawu ake anali odzaza, ozungulira bwino, osabaya khutu.

Kampani ya Gibson inapita kutali kuposa apo. Pa besi yake ya EB-0 inaika pickup yaikulu, ya waya wambiri, kutsamira khosi lenilenilo. Mawu ake anali akuya zedi, mpaka oimba ena ankadandaula kuti n'zovuta kusiyanitsa noti ina ndi inzake.

Mu 1960 Fender anatulutsa Jazz Bass, ya ma-pickup awiri, ina chapakati, ina pafupi ndi bridge, kuti woimba azisankha yekha kapena kusakaniza. Jaco Pastorius, amene anaimba m'bandi ya Weather Report, ankakonda ya ku bridge, ndipo ankakodolanso nsambo chakomweko. Mukadzamva nyimbo zake mudzaona kuti noti iliyonse ikumveka payokha, ngakhale zala zake zikuthamanga. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kampani ya Fender inasuntha pickup ya ku bridge ija pafupifupi sentimita imodzi yokha kupita kumunsi. Sentimita imodzi! Komabe mpaka lero oimba amasiyanitsa kaikidwe ka m'ma 1960 ndi ka m'ma 1970, ndipo aliyense amakhala ndi kamene amakakonda. Mu 1976 kunabwera StingRay ya kampani ya Music Man, imene Leo Fender anathandiza kukonza. Iyi inali ndi pickup imodzi yaikulu chaku bridge, komanso kabatire ka mavoti 9 m'kati. Louis Johnson anatchuka nayo pomenya nsambo ndi chala chachikulu, mawu ake n'kumathetheka.

Nanga ma-pickup onse awiri akayatsidwa pamodzi? Popeza iliyonse ikumva malo akeake, timawu tina timathandizana pomwe tina timafafanizana. Kawirikawiri mawu apakatikati amachepa, n'kutsala akuya ndi akuthwa.

Oimba ena sagula besi ya m'sitolo. Amapita kwa mmisiri kuti awapangire yawoyawo. Mmisiri wabwino asanafunse za mtundu wa penti, amayamba wafunsa kuti, "Kodi mumaimba nyimbo zanji? Mumakodola ndi zala, kapena mumamenya ndi chala chachikulu?" Woimba rege amafuna mawu akuya, ndiye pickup yake iyenera kuyandikira khosi. Womenya nsambo amafuna kuthwa, komanso amafuna mpata pakati pa khosi ndi pickup kuti zala zilowe pansi pa nsambo. Ambiri amatsamiritsa chala chachikulu pa pickup pomwepo poimba, choncho malo ake amasankhanso pamene dzanja lizikhala.

Funso limeneli silofunika kuliyankha mothamanga, chifukwa mmisiri amagoba dzenje m'thabwa kuti pickup ilowemo. Nsambo mukhoza kusintha mawa, pickup ina mukhoza kugula chaka chamawa, koma dzenje likagobedwa, kulisuntha ndi ntchito yaikulu imene imasiya chipsera. Ine ndimaona kuti munthu amene akupangitsa besi yake yoyamba achita bwino kuikitsa ziwiri: ya mtundu wa Precision chapakati, ndi ya mtundu wa Jazz ku bridge. Oimba amaitchula PJ. Ikatero besi imodzi imatha kuimba kwaya Lamlungu m'mawa ndi nyimbo zovina madzulo.

Mukhoza kuzimvera nokha zimenezi popanda magetsi. Tengani lastiki, muikoke ikungike pamwamba pa chitini chopanda kanthu, monga mumachitira popanga gitala yoseweretsa. Ikodoleni pakati, mumvetsere. Kenaka ikodoleni pafupi ndi m'mphepete mwa chitini. Noti ndi yomweyo, koma yachiwiriyo imveka yowonda ndi yakuthwa, chifukwa mwadzutsa kwambiri tizigawo tating'ono tija. Ndipo ngati woimba besi wa kutchalitchi kwanu ali ndi ya ma-pickup awiri, mudzamupemphe kuti aimbe noti imodzi atazimitsa ya ku bridge, kenaka aimbenso atazimitsa inayo, inu mutatsinzina.