Mayeso Oyesa Nzeru: Konzekerani, Musade Nkhawa

M'chigwa cha Domasi nkhani ya mayeso si yachilendo. Kuno n'kumene kuli Domasi College of Education, komwe amasula aphunzitsi a m'sekondale, ndiponso Malawi Institute of Education, yomwe imakonza masilabasi a sukulu zathu. Likulu la MANEB nalo lili pafupi, mumzinda wa Zomba. Komabe pali mtundu wina wa mayeso umene umasowetsa mtendere ngakhale ana amene anakhoza bwino Fomu 4. Awa ndi mayeso oyesa nzeru, otchedwa IQ test, pamodzi ndi anzake otchedwa aptitude test, amene olemba ntchito ena ndi sukulu zina amalembetsa posankha anthu. Alibe silabasi, alibe notsi zoloweza, ndipo nthawi yake imakhala yochepa. Wachinyamata akaitanidwa kuti akalembe, tulo timasowa, chakudya sichilowa, ndipo mumtima amangodzifunsa kuti: "Bwanji akakandipeza kuti ndine mbuli?" Mantha otere angamutayitse munthu mwayi umene akanatha kuupeza.

Kodi mayesowa anachokera kuti?

Mayeso oyamba a mtunduwu anakonzedwa mu 1905 ku Paris ndi Alfred Binet ndi Théodore Simon. Cholinga chawo chinali kupeza ana amene ankafunika thandizo lapadera kusukulu, ndipo Binet ankatsutsa maganizo akuti nzeru za munthu sizingakule. Dzina lakuti IQ linachokera kwa William Stern wa ku Germany mu 1912. Masiku ano mayesowa amakonzedwa mwakuti munthu wapakatikati apeze 100, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse amapeza pakati pa 85 ndi 115.

Mafunso ake amayesa zinthu monga kumvetsa mawu, kuona mmene manambala akutsatirana, kupeza chithunzi chimene chikusowa pamndandanda, kukumbukira zimene mwangomva kumene, ndi kugwira ntchito mwachangu. IQ test yeniyeni amayesa ndi katswiri wa zamaganizo amene anaphunzira ntchitoyo. Timafunso ta pafoni ndi pa Facebook tolonjeza kukuuzani nzeru zanu m'mphindi zisanu ndi masewera chabe, musataye nato mtima.

Zimene nambala singakuuzeni

Robert Serpell wa pa University of Zambia anachita kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 1979. Iye anapempha ana a ku Zambia ndi a ku England kuti atengere zithunzi zofanana pogwiritsa ntchito waya, dongo, ndi pensulo papepala. Ana a ku England anapambana pojambula papepala. Ana a ku Zambia, amene anazolowera kupanga magalimoto a waya, anapambana pa waya. Pa dongo magulu onse awiri anachita mofanana. Apa tikuona kuti zotsatira za mayeso zimadaliranso ngati munthu anazolowera zipangizo ndi kafunsidwe kake.

Serpell yemweyo anafunsanso akuluakulu a m'midzi ya Achewa ku Katete za mwana wanzeru. Iwo sanatchule kuchenjera kokha, koma anawonjezapo kutumikira ndi kukhulupirika. Mbali imeneyi ya nzeru palibe pepala la mafunso limene limaiyesa. Kuno kwathu nako, madokotala ataona kuti zoyesera kakulidwe ka ana zochokera kunja sizikugwirizana ndi moyo wa kumudzi, anakonza Malawi Developmental Assessment Tool, yomwe inasindikizidwa mu 2010. Choncho nambala imene mungapeze ikusonyeza mmene munachitira pa mafunso amenewo tsiku limenelo. Siikunena zonse za inu.

Nkhawa imatani m'thupi?

Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mwamsanga, m'manja mumatuluka thukuta, m'kamwa mumauma, ndipo ena amatsegula m'mimba. Kadzidzimuka pang'ono n'kothandiza chifukwa kamatipangitsa kukhala tcheru. Vuto limabwera nkhawa ikachuluka. Ubongo uli ndi malo ochepa osungira zinthu zimene tikuziganizira pa nthawi imodzi, ngati lichero laling'ono. Maganizo akuti "ndilephera" akadzaza licherolo, manambala a funso amasowa pokhala. N'chifukwa chake munthu amaiwala zimene amazidziwa bwino, n'kudzazikumbukira atatuluka pakhomo.

Kudakali masabata angapo

Simungaloweze mayankho, koma mungazolowere kafunsidwe. Funsani amene anakuitanani kuti mayesowo ndi a mtundu wanji, atenga nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati mudzalembe papepala kapena pakompyuta. Kenako yeserani mafunso ofanana nawo kwa mphindi 30 tsiku lililonse, wotchi ili pambali. Mwachitsanzo, pa manambala awa: 3, 6, 11, 18, wotsatira ndi uti? Onani kusiyana kwake: 3, kenako 5, kenako 7. Kusiyana kotsatira ndi 9, choncho yankho ndi 27. Mukazolowera kuyang'ana kusiyana kotere, funso la mtunduwu silikuopsaninso.

Popeza mayeso ambiri amakhala m'Chingerezi, werengani nyuzipepala kapena buku lililonse la Chingerezi mokweza, n'kumufotokozera mnzanu m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene mwamva. Ngati simunagwirepo kompyuta, pezani mpata woyeserera. Kuyeserera awiri kapena atatu kumathandiza kwambiri, pajatu mutu umodzi susenza denga.

Samaliraninso thupi. Malungo, kuchepa kwa magazi ndi likodzo zimafooketsa munthu moti amalephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Amene mumalima mpunga kapena kusamba m'madzi osayenda, mukaona magazi mumkodzo pitani kuchipatala msanga. Ngati zilembo zikuoneka mwachimbuuzi, kayezetseni maso. Idyani nyemba, nandolo, mtedza, masamba obiriwira ndi zipatso, ndipo pakhomo muzigwiritsa ntchito mchere wokhala ndi ayodini, womwe ndi wofunika pa kakulidwe ka ubongo wa ana. Kuyenda ndawala kwa mphindi 30 patsiku kumachepetsa nkhawa ndipo kumabweretsa tulo tabwino.

Mawa lake ndi mayeso

Musachezere kuwerenga. Achinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo akuluakulu osachepera 7. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zotchedwa zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, yomwe imathamangitsa mtima ndi kuthawitsa tulo. Longedzeranitu chiphaso chanu, kalata yokuitanani, zolembera ziwiri, pensulo ndi ndalama ya thiransipoti. Ngati mukalembera ku Zomba kapena ku Blantyre, kumbukirani kuti minibasi imadikira kudzaza, choncho lawirirani. M'mawa idyani phala kapena mbatata, ndipo imwani madzi.

Akatswiri Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock a pa University of Chicago anapeza mu 2011 kuti ophunzira amantha amene analemba nkhawa zawo papepala kwa mphindi 10 mayeso asanayambe anakhoza bwino kuposa anzawo amantha amene sanalembe. Njira imeneyi siifuna ndalama. Imangofuna pepala ndi cholembera.

M'chipinda cha mayeso

Mtima ukayamba kugunda, pondani pansi ndi mapazi onse awiri. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Chitani zimenezi kasanu. Werengani malangizo onse musanayambe, makamaka kuti mudziwe ngati amachotsera malikisi pa yankho lolakwika. Funso likakuvutani, lidumpheni ndipo mudzalibwerere. Mayeso ambiri otere amawakonza dala kuti mafunso azinka navuta, ndipo anthu ambiri samaliza. Kukumana ndi funso lokukanikani sikutanthauza kuti mwalephera. Musayang'ane amene watembenuza pepala msanga, paja kuthamanga sikufika.

Mawu kwa makolo

Mwana amatengera mantha kwa akuluakulu. Mawu akuti "usatichititse manyazi" kapena "ndalama zathu zisapite pachabe" amawonjezera katundu pamutu pake. Musamuyerekeze ndi mkulu wake kapena mwana wa aneba, ndipo mayina monga "mbuli" kapena "kape" asamveke pakhomo. M'sabata ya mayeso muchepetsereni ntchito yotunga madzi ndi ya kudimba. Ngati aphunzitsi apempha kuti mwana wamng'ono akayesedwe chifukwa akuvutika m'kalasi, musaone ngati chitonzo. Cholinga chake n'chomwe chija cha Binet, kupeza pamene mwanayo akufunika thandizo.

Nkhawa ya mayeso imatha mayeso akatha. Koma ngati papita masabata awiri munthu asakugona, asakudya, akudzipatula, kapena akunena zoti moyo alibe nawo ntchito, musazengereze. Pitani naye ku Domasi Rural Hospital kapena chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo ngati walankhula zodzipha pitani tsiku lomwelo, osamusiya yekha. Achipatala angathe kumutumiza kwa akatswiri a ku Zomba Mental Hospital pakafunika kutero.

Mwana akabwerako kumayeso, musayambe ndi kumufunsa kuti wakhoza zingati. Mulandireni, mupatseni madzi osamba ndi chakudya, ndipo za mayeso adzakufotokozerani yekha akapuma.